Bokosi la zipangizo la malemu bambo, tigulitse kwa a sikirapu kapena tisunge?

Mwana wa Kalipentala: Moni nonse pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira lamulungu. Bambo anga anatisiya chaka chatha mu Ogasiti, anali kalipentala kwa M'baluku kuno ku Mangochi zaka zambirimbiri, ena mwina munakhalapo pa mipando yawo osadziwa. Ndiye anasiya bokosi lalikulu lathabwa lodzadza ndi zipangizo, muli mapuleni awiri, masowo atatu, matchizulo kaya ndi angati, hamala, sikweya, kasemasema, tupa, chobowolera chija chopukusa ndi manja, pambali pali vayisi yolemera yoti ine ndekha sindinganyamule. Zonse zachita dzimbiri poti chipinda chake chimadontha ndipo palibe analowamo chichitikireni maliro. Tsopano amalume akuti tigulitse kwa anyamata ogula zitsulo zakutha aja amayenda ndi sikelo, ati tipezeko ya malata awiri atatu tikonze denga lomwelo mvula isanabwere. Azichimwene anga onse awiri ali ku Joni, akungoti chitani zomwe mwaona. Ine mtima ukukana koma sindikudziwa ngati ukukana chifukwa cha chisoni chabe kapena zinthuzi zilidi ndi phindu. Odziwa ndithandizeni.

Fundi wa pa Mpondasi: Pepani ndi zovutazo achemwali. Chonde musachite phuma, anyamata a sikelowo asalowe kaye pakhomopo. Tengani kasanza mupukute mapuleniwo kutsogolo ndi kumbuyo, pali zilembo zinalembedwa pa chitsulo pomwepo, mutiuze zikuti chani.

Mwana wa Kalipentala: Ndapukuta bambo. Yayitaliyo yalembedwa Stanley, kutsogolo No 5, penanso Made in England. Yaifupiyo ili ndi penti ya buluu yotsalira mmbali, yalembedwa Record No 4. Vayisi nayonso Record. Sowo imodzi pa chogwirira pali kachitsulo kozungulira kolembedwa Spear & Jackson

Fundi wa pa Mpondasi: Mayo ine. Achemwali mukadagulitsa pa sikelo ndikanalira nawo. Ine ndakhala pa benchi kuyambira ndili mnyamata ndipo Record No 4 ndinaisaka zaka zinayi ndisanaipeze, ndinakagula kwa mdala wina ku Zomba amene maso anali atasiya kuona. Zimenezo zinapangidwa ku Sheffield, mzinda wa ku England umene unatchuka ndi zitsulo, ndipo zanthawi imeneyo simungazipezenso mu shopu olo mutazungulira Mangochi yense kukafika ku Limbe. Wa sikirapu samaona dzina, iye amangoona kulemera, puleni ya No 5 ndi makilo awiri ndi pang'ono basi, akupatsani ndalama yosakwana ndi mulu wa utaka womwe, kenako akaisungunule. Dzimbiri lisakuopseni, lapamwamba limachoka. Zofunika kuyang'ana ndi ziwiri. Choyamba tembenuzani puleniyo muone pansi pomwe pamatulukira mpeni, ngati pali mng'alu wochoka pa kamwa kupita mmbali ndiye kuti inagwapo pa simenti, chitsulo cha thupi lake chimasweka ngati mbale yadothi ndipo kuwotcherera sikumathandiza kwenikweni poti imapindika. Chachiwiri mpeni wake kumsana, ngati dzimbiri linakumba timaenje takuya pafupi ndi kunsonga ndiye uzivuta kunola mpaka mutadutsa pamenepo. Ngati ziwirizi zili bwino ndiye kuti muli ndi chuma mnyumbamo.

Kabaza wa pa Bridge: Ine za matabwa sindidziwa koma za zitsulo zakale ndichitire umboni. Nditangogula njinga yamoto ndinagula seti ya masipanala mu shopu ina mtauni muno, yonyezimira bwino ili mu pulasitiki yofiira kuyambira 6 mpaka 22, ndinkadzimva kuti ndamaliza. Tsiku lina ndanyamula mayi wina ndi thumba la chimanga tikukwera phiri lopita ku Namwera lija tcheni inayamba kulira kenako inavuka, ndati palibe vuto ndili ndi zida, kungoika sipanala pa nati ya ekiselo ndikukanikiza kamwa ya sipanala inangoyasamula ngati ya mlamba, kuyesanso kachiwiri inadya makona onse a nati ija mpaka inakhala yobulungira. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, mayi aja ndinawabwezera ndalama yawo anakwera ina. Amene anandipulumutsa ndi mdala wina wokonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango, anatulutsa ring'i sipanala yakuda bii yoti zilembo zinafufutika theka koma zimaoneka kuti Gedore, anachita kuikhomera pa nati yodyekayo ndi hamala nkumasula. Sabata yomweyo ndinayamba kugula imodzi imodzi kwa amene amayala pa chiguduli mu msika, pano ndili ndi 10, 12, 14, 17 ndi ya pulagi, zosafanana mtundu koma palibe inandichititsapo manyazi panjira.

Wa ku Joni: Ndilankhuleko mosiyana pang'ono osandida. Tsabola wakale sawawa abale. Ine ndili pa konsitirakishoni kuno chaka chachisanu ndi chimodzi, palibe amene amagwira puleni yamanja pa sayiti, zonse ndi zamagetsi ndi za batire, chitseko chomwe madala athu ankatha tsiku lonse ife timamaliza tisanamwe tiyi. Kasitomala walero safuna kudikira sabata zitatu kuti bedi lake lithe. Achemwali sindikuti mupatse a sikirapu ayi, pamenepo mungaluze, koma gulitsani kwa makalipentala pa mtengo wabwino mukonze denga. Kusunga zinthu chifukwa cha chikumbutso pomwe nyumba ikudontha ine sindikuona nzeru yake. Amalume anuwo sakulakwa kwenikweni.

Fundi wa pa Mpondasi: Achimwene a ku Joni simukunama, inenso puleni yamagetsi ndili nayo ndipo thabwa lochokera kwa ocheka ndimayamba ndi imeneyo. Koma kumeneko magetsi ali pa sayiti pomwepo ndipo zipangizo ndi za abwana, ikafa amagula ina. Kuno ineyo akandiitana kwa Chimwala kapena ku Malombe kukakhoma zitseko za tchalitchi kapena mzikiti ndikalumikiza pati? Ndimanyamula No 4, tchizulo ziwiri, sowo ndi chobowolera mu chikwama pa keliyala basi. Olo pa shedi panga pomwe magetsi akathima mmawa kubwera usiku, anzanga amene anaphunzira ndi mashini okha amakhala pa benchi kusewera bawo, ine ndimapitiriza. Komanso mlombwa ukaupala ndi yamagetsi umasiya timizere ngati mafunde, kuti tebulo lisalale loti ukayendetsa dzanja usamve kanthu umamaliza ndi yamanja yonoledwa bwino. Chinanso yamagetsi ikapsa amecha (chozungulira cha mkati mwa mota) kapena batire ikafa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ija mitengo ya masipeya inangouluka, ena anazikoloweka mpaka lero. Puleni ya malemuwa chomwe imafuna ndi mwala wonolera ndi kadontho ka oyilo.

Wa ku Joni: Pa nkhani ya magetsi ndavomera. Komabe chida popanda wochigwira ndi chitsulo chabe, pakhomopo alipo amene angazigwiritse ntchito?

Mwana wa Kalipentala: Funso limenelo ndi lomwe likundisautsa achimwene. Ndili ndi mnyamata wanga woyamba, walemba fomu 4 chaka chino akungokhala, kutacha ali pa foni kapena ku dambwe la anzake pa siteji. Ali wamng'ono ankakonda kukhala pa shedi ya agogo ake kutola zopalapala zija nkumapanga timagalimoto, agogo ake ankamupatsa sandipepa kuti azikwecha miyendo ya mipando. Koma pano zomwe amakamba ndi za pasipoti basi, akuti akufuna atsatire amalume ake.

Mayi a Telala ku Namwera: Amayi mwanayo musamusiye, mmera mpoyamba. Ine mashini yomwe ndikudyera lero ndi Singer yopalasa ndi miyendo imene mayi anga anagula kwa mmwenye wina ine ndisanabadwe, inali kale yogwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo. Yaphunzitsa ana anga atatu. Mayi asanandiphunzitse kudula nsalu anayamba andiphunzitsa kumasula kambale ka pansi pa singano, kuchotsa thonje lomwe limaunjikana mmano muja ndi kanthenga ka nkhuku, kudontheza oyilo mmabowo onse, kufupikitsa lamba akatamuka. Ndinkaona ngati akundichedwetsa koma lero anzanga mashini ikangoyamba kudumpha ulusi amatseka shopu kudikira wokonza achoke ku Mangochi, pomwe nthawi zambiri ndi singano yopindika kapena yoikidwa chammbuyo basi. Nyengo ya Eid komanso yotsegulira sukulu, kutseka masiku awiri ndi ndalama zambiri zimenezo. Chimodzi ndikuchenjezeni nonse, mafuta ophikira musathire mu mashini kapena pa chida chilichonse, poyamba zimaoneka ngati zafewa koma pakapita miyezi amauma nkukhala ngati ulimbo, ndinalandirapo mashini ya mtsikana wina yoti gudumu silimazungulira ndi pang'ono pomwe, tinachita kutsuka ndi parafini masiku awiri.

Makaniko wa Mainjini ku Makawa: Asalam aleikum nonse. Nkhaniyi yandikhudza poti ife kunyanja kusadziwa kukonza si nkhani ya ndalama yokha, ndi nkhani ya moyo. Boti likapita ku chilimira usiku anthu khumi ali mmenemo, injini nkuzima pakati pa nyanja mwera ukuyamba, simungaimbire makaniko kuti abwere. Ndipo zomwe zimazimitsa injini kawirikawiri ndi tinthu ting'onoting'ono, pulagi yada ndi utsi chifukwa achulutsa oyilo posakaniza ndi petulo, kajeti ka mu kabuleta katsekeka ndi zinyalala za mafuta ogula mzigubu, chingwe cholizira chaduka. Zonsezi munthu wokhala ndi sipanala ya pulagi, 10, sikuludiraiva ndi pulayala amakonza ali mmadzi momwemo ndi tochi ya pamutu. Ine eni maboti ndimawauza kuti pa gulu lililonse pakhale mnyamata mmodzi amene wakhalapo nane sabata ziwiri, ndimamuonetsanso kuti aziyang'ana ngati injini ikutulutsa kamadzi kumbuyo kuja, kakasiya ndiye kuti impela (kalabala kokoka madzi oziziritsa injini) yatha kapena mwalowa mchenga, zimitsa msanga usanaphe injini yonse. Ma Yamaha Enduro alipo kuno ena ndi akale kuposa anyamata amene akuwayendetsa, akuyendabe chifukwa amamasulika ndi zida wamba. Zida zanga zambiri ndinagula kwa mkulu wina amene anapuma ntchito ku Monkey Bay kokonzera sitima kuja, zina zalembedwa King Dick zina Britool, zina ndi za mainchesi zoti pa injini za lero sizikwana koma ndimasungabe poti pamabwera ma injini akale a chigayo ofuna zomwezo.

Mphunzitsi Wopuma ku Malindi: Pamene mwatchula Monkey Bay mwandikumbutsa. Ana athu ambiri sadziwa kuti boma lino lili ndi mbiri ya umisiri. Sitima ya Chauncy Maples ya mishoni ya Anglican inapangidwa ku Glasgow mu 1899, inabwera ili zidutswazidutswa anthu atasenza pamutu, nkudzailumikiza kuno kunyanja mpaka inalowa mmadzi mu 1901. Ilala nayo inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera mzidutswa nkulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda 1951 ndipo mpaka zaka zino yakhala ikunyamula anthu kupita ku Likoma ndi Nkhata Bay. Sitima ya zaka zoposa 70 siyenda ndi mwayi, alipo anthu akhala akuimasula ndi kuimanga zaka zonsezi ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a konkuno. Pa Mpwepwe pomwepa anthu akhala akukhoma maboti amatabwa. Ndiye zida zimene mukuziona mmisika yathuzi zina zinachokera mmalo ngati amenewo, zina zinabwera ndi madala amene anapita ku Wenela ndi ku Theba, pobwera ankanyamula bokosi la zida limodzi ndi njinga ndi wailesi. Bambo anga omwe anabwera ndi sowo ndi hamala kuchokera ku migodi ulendo wa Wenela usanaimitsidwe mu 1974, hamalayo ndasintha mpini kanayi koma mutu ndi womwewo.

Mwana wa Kalipentala: Aphunzitsi mwalasa, bambo ankanena kuti puleni yayitaliyo anapatsidwa ndi atsibweni awo amene anagwirako ntchito ku Salisbury, Harare ya lero

Mnyamata wa ku Soko: Ine ndingofunsa nawo, dzimbirilo amachotsa bwanji? Ndili ndi matchizulo awiri ndinatola kwa agogo ali ofiira psuu

Fundi wa pa Mpondasi: Aise ndi zophweka koma zimafuna kudekha. Chotsa kaye zamatabwa zonse, zogwirira zija zisalowe mmadzi. Zitsulozo uviike mu vinega wamba wa mu golosale usiku umodzi, mmawa ukweche ndi waya wotsukira mapoto, utsuke ndi madzi oyera, uumitse padzuwa nthawi yomweyo nkupaka oyilo, ukachedwa dzimbiri limabwerera tsiku lomwelo. Osaviika masiku ambiri poti vinega amayamba kudya chitsulo chabwino. Ngati dzimbiri ndi lochepa parafini ndi sandipepa zimakwana. Pansi pa puleni pamafunika pakhale fulati, ndiye umamata sandipepa pa galasi lochindikala nkumayendetsa puleniyo pamwamba mpaka pawale mofanana. Tsopano ponola ndi pomwe ambiri amaonongera. Anyamata amathamangira ku gulainda ya owotcherera, amakanikiza mpeni mpaka nsonga isanduke ya buluu, ikatero ndiye kuti chitsulo chapsa chafewa, chizithwa mphindi zisanu nkubuntha. Nolera pa mwala ndi oyilo kapena madzi, uyambe kumsana kukhale fulati ngati kalilole, kenako mbali yopendekayo osasintha kapendekedwe ka dzanja, mpaka umve kakuthwa kopindikira kumsana ukapapasa ndi chala, kameneko uchotse pa chikopa kapena lamba wakale. Ikameta ubweya wa pamkono yatheka.

Fundi wa pa Mpondasi: Ndiwonjezere za sowo poti achemwali ali nazo zitatu. Yang'anani mano ake. Masowo ambiri a mu shopu masiku ano mano ake ndi akuda kunsonga, anawaumitsa ku fakitale, amadula bwino miyezi ingapo koma akabuntha tupa imangoterereka, ndi yotaya basi. Yakaleyo mano ndi thupi mtundu umodzi, umaimanga pa vayisi pakati pa timatabwa tiwiri nkumanola dzino limodzi limodzi ndi tupa ya makona atatu, kenako nkupinda mano pang'ono lina uku lina uko kuti isamakanirire mthabwa. Sowo imodzi imatha kunoledwa moyo wonse wa munthu, imangochepa mulifupi.

Mnyamata wa ku Soko: Zikomo madala ndasunga meseji imeneyi

Wowotcherera pa Msika: Zonse mwakambazi ndi zoona koma pali mbali ina tisaibise. Zida zina zogulitsidwa pa chiguduli ndi zakuba. Ine anandithyolera shedi chaka chatha, anatenga vayisi, hakisowo, mahamala awiri ndi seti ya masoketi yomwe ndinasonkhanitsa zaka zisanu ndi zitatu, ndinakhala mwezi wathunthu ndikubwereka kwa anzanga ngati wophunzira. Patapita nthawi ndinaiona hamala yanga imodzi kwa munthu wina wosalakwa amene anagula motchipa kwa mnyamata wongodutsa. Ndinaizindikira poti zida zanga zonse ndimakhoma timadontho titatu ndi panchi. Ndiye pogula tiziona, munthu akubwera madzulo ndi chida chodula mu jumbo, mtengo wake wa sopo, ukamufunsa kuti chimagwira ntchito yanji sakudziwa, ameneyo mukamugula mukuthandiza kupha mmisiri mnzanu. Gulani kwa ogulitsa okhazikika amene mawa mukawapeza pomwepo, kapena kwa mwini wake kapena banja lake ngati mmene zilili kwa achemwaliwa. Ndipo ikani chizindikiro pa zida zanu lero lomwe.

Kabaza wa pa Bridge: Zoona bigi. A sikirapu omwewa ena akulimbikitsa kuba, mpaka zitsulo za pa mjigo anthu akumasula usiku

Wa Komiti ya Mjigo kwa Katuli: Mwandiputa dala pamenepo. Ine ndine mayi ndipo ndine amene ndimasunga sipanala ya mjigo wa mmudzi mwathu. Mijigo yambiri mmidzimu ndi ya Afridev, ndipo pa maphunziro anatiuza kuti pampu imeneyi maganizo ake anayambira ku Malawi konkuno zaka za mma 1980, anaipanga dala kuti anthu akumudzi azikonza okha. Sipanala ndi imodzi ya 24 ndi kandodo kokowera valavu ya pansi, basi. Madzi akayamba kuchedwa kutuluka timamasula chivundikiro, timachotsa handulo, timazula ndodo zija imodzi imodzi tikuziyala pa mitengo kuti zisagunde dothi, kunsonga timapeza kalabala katha, timasintha, pofika masana anthu akutunga. Kalabalako mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Koma mudzi woyandikana nafe mjigo unakhala miyezi isanu wosagwira, azimayi akukatunga kudambo nthawi yomwe kolera inavuta ija, chifukwa choti amene anaphunzitsidwa anapita ku Joni ndipo sipanala inasowa, wina anabwereka kukamasulira ngolo osabweza. Tinapita ndife azimayi atatu ndi sipanala yathu tinakonza tsiku limodzi. Ndiye a ku Joni aja anena zoona kuti chida chimafuna wochigwira, koma wodziwanso popanda chida amangoyang'ana. Panopa ndikuphunzitsa atsikana awiri kuti ine ndikadwala mudzi usagone ndi ludzu.

Mayi a Telala ku Namwera: Za kubwereka zomwezo, akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Amayi mukasunga zidazo mudzaona anthu ayamba kubwera, tibwerekeko sowo tidule nsungwi, tibwerekeko tchizulo, kenako mukapeza akutsegulira chitini cha penti. Sizasi yanga yodulira nsalu olo mwana wanga sakhudza. Muzikana mwaulemu, kapena mwanayo azipita nacho yekha akagwire ntchitoyo alandireko kenakake.

Wa ku Joni: Mayi a kwa Katuli mwandigonjetsa mbali ina. Ndinene chilungamo, kuno amene amapeza ntchito msanga ndi amene anabwera akudziwa kale kanthu, womanga, wa mapaipi, kalipentala, telala. Amene tinabwera manja lende tinayamba ndi kukankha wilibala zaka ziwiri ndipo ukadwala tsiku limodzi amalemba wina. Ndiye olo mwanayo atadzabwerabe kuno, abwere ali ndi luso mmanja, asabwere ndi satifiketi yokha. Koma za denga ndikubwerezabe, mvula siidikira kuti mwana amalize kuphunzira. Azichimwene anuwo auzeni atumize ya malata, malata atatu sangawakanike anthu awiri.

Mphunzitsi Wopuma ku Malindi: Ndipo akaphunzira kwa mmisiri asalekere pomwepo, afunse ku TEVETA za mayeso a luso kuti adzakhale ndi pepala. Bungweli lilipo kuyambira 1999 ndipo limaonanso za amene anaphunzirira pa shedi osati ku koleji kokha.

Fundi wa pa Mpondasi: Achemwali tichite chonchi. Loweruka mubwere ndi mnyamatayo pa shedi panga, mukadutsa pa mzikiti waukulu mufunse kwa fundi wa zitseko akulozerani. Anyamule mapuleni onse awiri ndi matchizulo, vayisi isiyeni kaye. Sindikufuna kugula kanthu ndipo sindikulipiritsani, bambo anuwo ndikuganiza ndinkawadziwa, ngati ndi amene ankayenda pa njinga ya Humber yakuda atamangirira sowo pa fulemu anandithandizapo matabwa a mbawa nthawi ina ndili pa mavuto. Ndimuonetsa kutsuka ndi kunola, akakonda azibwera mmawa uliwonse miyezi itatu tione manja ake. Akapanda kukonda ndikuuzani mtengo weniweni wa chilichonse ndipo ndikupezerani amisiri ogula, vayisi yokhayo ingakupatseni ndalama yoposa yomwe a sikelo angapereke pa bokosi lonse. Mukamasankhula mupezamo zina zothekeratu, misomali yopindika, mahinjesi othyoka, zimenezo apatseni a sikirapu. Koma tupa zakutha musataye, osula amapanga nazo mipeni ndi matchizulo abwino kwabasi, chimodzimodzi masipuling'i a galimoto, kasemasema wanga anasula mdala wina wa ku Nankumba kuchokera ku sipuling'i ndipo ndi amene ndimasemera mipini yonse.

Mwana wa Kalipentala: Ndi omwewo bambo, njinga ya Humber ilipobe ili kuseri kwa chitseko matayala anaphwa. Misozi yatuluka. Ndilankhula ndi amalume madzulo ano, sindikufuna aone ngati ndawadelera poti iwo ndi amene akutiyang'anira. Loweruka tibwera.

Makaniko wa Mainjini ku Makawa: Njinga imeneyonso musagulitse, fulemu zake zija sizithyoka olo mutanyamula matumba awiri a usipa

Admin: Nkhaniyi ndaipinira pamwamba, ambiri akufunsa za kachotsedwe ka dzimbiri ku inibokosi. Achemwali mudzatiuze mmene zathera.

Mwana wa Kalipentala: Abale ndabweranso patha sabata zitatu. Amalume poyamba anakhumudwa, anati ine ndikumvera anthu a pa foni kusiya iwo, koma nditawauza kuti achimwene atumiza ya malata anafewa, denga takhoma lachiwiri lapitali. Mnyamata tsiku loyamba anapita monyinyirika, anabwera manja ali bii ndi dzimbiri osalankhula kanthu. Tsiku lachitatu anabwera ndi Record ija itawala, chogwirira chakumbuyo chinali chosweka anachimata ndi guluu nkuchimanga ndi labala ya chubu. Ndiye chitseko cha kuchipinda kwanga chakhala chikukhula pansi chichokereni mvula ya chaka chatha, timachita kuchinyamula potseka. Dzulo anachizula pa mahinjesi yekha, anachigoneka chammbali pakhonde atachipanikiza ndi mawondo, analemba mzere ndi pensulo nkuyamba kupala. Phokoso lija la fwiii fwiii ndinali ndisanalimve chimwalilireni bambo, ndinali ku khitchini ndinasiya mphika pamoto kukaima pakhomo. Zopalapala zikutuluka zopiringizika zopyapyala zoti ukaziyang'anitsa padzuwa kuwala kumadutsa, fungo la thabwa lili khonde lonse. Anabwezeretsa chitseko chikutsekeka ndi chala chimodzi. Za pasipoti sanasiye kukamba ayi, koma mmawa uno wadzuka yekha 5 koloko. Amalume abweretsa mpando wawo wa ndalema wothyoka mwendo ati awakonzere.

Fundi wa pa Mpondasi: Manja ali nawo koma amafulumira, akumakanikiza kwambiri kumapeto kwa thabwa ndiye likumatsika mbali imodzi, tikonza zimenezo. Mpando wa amalumewo asaukhome misomali, abwere nawo kuno ndimuonetse kubowola ndi kulowetsa mwendo watsopano. Muuzeni mawa atenge sowo ya Spear & Jackson ija ndi tupa ya makona atatu ili pansi pa bokosi yokulungidwa mu kansalu, tiyamba kunola mano.